Mchere wa m'Phala la Owen

Chinsapo
Lilongwe

Okondedwa achemwali anga Atupele,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu. Ndikufuna kumva mmene thupi likupezera chichirireni, ndiponso ngati khandalo likuyamwa bwino. Achimwene a Geoffrey anandiuza kuti ndi mwana wamwamuna, wa tsitsi lambiri ngati la malemu bambo, ndipo akuti akalira amamveka mpaka kuchigayo. Ndinakondwa kwambiri, ngakhale kuti foni sindinaimbe. Musanditenge ngati wouma mtima, chifukwa chake muchipeza m'kalata momwe muno. Nanga Amayi, mawondo aja akuwalola kupita kudimba?

Ine kuno ndilipo. Thupi lilibe vuto, koma ndatopa, achemwali. Ndi kutopa kuja koti ngakhale ugone tsiku lonse umadzuka nako.

Mudabwa kuti masiku ano munthu n'kumalemba kalata. Ndachita dala. Foni yanu imakhala m'thumba mwa alamu, ndipo uthenga wa mawu ukafika mumautsegulira pakhonde, ana ndi nkhuku zomwe zikumva. Zimene ndikufuna kunenazi si zapakhonde. Poti ntchito ya fodya yatsekedwa ku Kanengo ndipo achimwene akubwera kudzasosa kumunda, kalatayi ndawapatsira iwo. Envelopu ndaimata mbali zonse, chifukwa achimwene athu mukuwadziwa, maso awo sachedwa.

Za kuno n'zomwe zija. Kwatentha, ndipo fumbi la Chinsapo lalowa mpaka m'mano. Madzi pampopi amabwera mmene afunira, ndiye timakhalira kulondera zidebe pamzere. Eni nyumba akhala akulonjeza kusintha lata lodontha lija chithereni mvula. Panopa akuti aone kaye ngati ya chaka chino idzadonthere pomwepo. Ine ndakhala ndikudyera maganyu ochapa, lero kuno mawa uko, moti zala zinang'ambika ndi sopo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ku Area 25, kuseri kwa msika wa Nsungwi, kuli sukulu ya mkaka ya mayi wina dzina lawo Mayi Anderson. Amalandira ndi makanda omwe, a amayi apantchito amene amawasiya m'mawa n'kudzawatenga poweruka. Kutchalitchi kunalengezedwa kuti akufuna munthu wa kuchipinda cha makandawo. Ndinatchera khutu, chifukwa kulera ana ndiyo ntchito yokhayo imene ndimaidziwa ndi manja onse awiri. Ndikapanda kubwerera ku ntchito imeneyi, ndiye kuti ndidzakalambira pabeseni, kapena kubwerera kumudzi ndi chikwama chopanda kanthu.

Ndinapita, ndipo anandipatsa fomu yoti ndikalembere kunyumba. Zambiri zinali zosavuta: dzina, mudzi, boma, kalasi yomwe ndinalekezera. Koma kumunsi kwake amafunsa komwe unagwirako ntchito komaliza, chifukwa chomwe unachokera, ndi nambala ya bwana wako wakaleyo. Mayi Anderson anandiuziratu kuti iwo makalata aumboni sawakhulupirira, poti masiku ano munthu amakangolembetsa pakompyuta m'tauni n'kudindapo chidindo chosema. Iwo amaimba foni okha, mwini wake uli pomwepo ukumva.

Fomu ija inagona pansi pa pilo masiku angapo. Ndikaitulutsa, cholembera chimafika pamenepo n'kuima.

Mukudziwa kuti ntchito yooneka imene ndagwirapo muno m'tauni ndi imodzi yokha, ya kwa a Malizani ku Area 23. Mukudziwanso kuti inatha moipa. Koma mmene inathera munamva kwa achimwene, iwonso anamva kwa anthu a m'minibasi. Lero mumve kwa mwini wake.

Ndinalowa m'nyumba imeneyo mwana wawo Owen asanabadwe n'komwe, ndipo ndinakhalamo zaka. Atabadwa, madamu sanachedwe kubwerera ku ofesi, mwana n'kumakhala ndi ine kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kusikelo ndinkapita naye ndine, moti anamwino ankandiitana kuti amake Owen, ine osakana. Dzino lake loyamba woyamba kuliona ndinali ine, litandiluma chala. Wanga ndilibe, inu mukudziwa, ndiye mwana uja ndinamukonda kupitirira muyezo wa wantchito.

Atayamba kukwawa, anayambanso kudwala. Kutsokomola, kukana phala, kuwonda, kenako timapazi ndi masaya kutupa. Ndinawauza madamu kangapo kuti tipite naye kuchipatala chachikulu, tisiye zongogula mankhwala pagolosale. Iwo ankati tidikire Loweruka, abambo ake akapeza mpata wa galimoto. Loweruka lisanafike, kunatulukira agogo ake a mwanayo, amayi awo a bwana, kuchokera ku Dowa.

Anangomuyang'ana, n'kumudinikiza phazi ndi chala, basi matenda awapeza. Anati ndi tsempho. Anati muno m'nyumba muli wina amene akumayenda panja, n'kubwera ali wotentha kudzanyamula mwana ndi kumuthirira mchere m'chakudya.

Achemwali, ngakhale kwathu ku Chiradzulu tonse timadziwa kuti khanda likatsemphedwa, woyamba kufunsidwa ndi bambo wake, kuti wakhala akuyenda kuti. Ndipo a Malizani mayendedwe awo sanali obisika kwa ine, malaya awo ndinkachapa ndine. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Agogo aja mwana wawo sanamuyang'ane ndi diso limodzi lomwe. Anafunsa kuti mwanayu amamubereka ndani, phala lake amathira mchere ndani, ndipo Lamulungu wantchitoyu amapita kuti.

Lamulungu ine ndinkapita kutchalitchi. Tikaweruka, nthawi zina a Stephano, owotcherera zitsulo ku Mchesi, ankandiperekeza mpaka pasiteji. Kuperekeza basi, masana, pamsewu wodzaza anthu. Mwina ankafuna kudzanena mawu tsiku lina, kaya, sanafike ponena. Koma madamu anali atationapo ali m'galimoto, ndipo tsiku limenelo anakumbukira.

Anandikhazika pansi pabalaza, iwo ali pamipando, n'kumandifunsa zinthu zoti munthu wamkazi sungafunsidwe pamaso pa mwamuna wa mwini. A Malizani ankangoyang'ana TV yosayatsa. Ndinakana. Ndinakana mpaka mawu anatha, koma kukana kwa wantchito n'phokoso chabe.

Masana ake agogo aja anabwera ndi mankhwala m'kabotolo. Anati mankhwalawa sagwira pokhapokha wolakwayo athiremo mchere yekha n'kumumwetsa mwana ndi dzanja lake. Anaika kabotolo ndi mchere patebulo. A Malizani anadzuka, ati akukagula mayunitsi. Madamu ankangolira. Owen anali pamphasa, akupuma ngati wathamanga, ndipo ankandiyang'ana ine, chifukwa mwana wodwala amayang'ana amene amamunyamula.

Ndinaganiza mwachibwana, achemwali. Ndinati ngati mankhwalawa angathandize, kaya dzanja ndi la ndani zilibe kanthu. Ngati sangathandize, mwambo wawo uthe msanga tithamange naye kuchipatala. Ndinatapa mchere, ndinathira, ndinamunyamula Owen n'kumumwetsa. Agogo aja anawomba m'manja kamodzi, n'kuuza madamu kuti aona okha, munthu wadziulula. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pakamwa ndakana tsiku lonse, koma manja avomera mlandu.

M'mawa mwake ndinapeza chikwama changa pageti. Mwana sanandilole kumutsanzika.

Sabata yomweyo madamu anapita naye kuchipatala, monga ndinkanenera. Anamugoneka, anamupeza ndi chifuwa komanso kuchepa magazi, anamupatsa mankhwala ndi chiponde, mwana anadzuka. Nditamva ndinagwada n'kuthokoza Mulungu. Koma kuchira kwakeko ndi kumene kunandimaliza. Mu Area 23 inamveka kuti onani, wotsempha wavomera, wachoka, mwana wachira. Zoti anagona kuchipatala palibe ankazitchula. A Stephano atamva kuti dzina lawo lili m'nkhani, anasintha tchalitchi.

Sikuti chichokereni kumeneko sindinayeseko. Chaka chatha ndinapeza ntchito yolera mwana ku Kawale, nditabisa zoti ndinagwirapo kwina. Masiku owerengeka okha, kunabwera mlendo wa ku Area 23 kudzaona mwanayo. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndinayamba kulongedza ndisanauzidwe. Lilongwe amaoneka wamkulu ukakhala m'basi.

Ndiye fomu ija ili pansi pa pilo, ndinamuuza Maness, mnzanga woyandikana naye nyumba, wogulitsa kaunjika. Ameneyu anakulira m'tauni muno, palibe chimamudabwitsa. Anati ndine wogona, anthu onse amalemba nambala ya mnzawo. Anati ndilembe yake, iye akhala madamu a ku Area 47, ndipo akaimbiridwa adzanditamanda mpaka andilembe ntchito ya uhedi.

Tinayeserera ndithu. Anakhala pachidebe chovundikira, mwendo pamwamba pa unzake, foni ataigwira ndi zala ziwiri, Chingerezi chikutulukira m'mphuno. Anati ine ndimaphika zakudya za azungu, ndimapemphera katatu patsiku, ndipo anawo ndinkawaphunzitsa ndi kusambira komwe. Zili mkati, kunadutsa mnyamata kufunsa buluku, madamu a ku Area 47 n'kuiwala, anakuwa ndi mawu a pamsika kuti asagwiregwire ngati sagula. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinali nditatenga nthawi ndisanaseke choncho.

Koma nambala yake sindinalembe. Musaganize kuti ndine woyera mtima. Ndikanadziwa kuti bodzalo ligwira mpaka kalekale, bwenzi nditalemba, Mulungu n'kudzandikhululukira pambuyo. Kungoti ndatopa ndi kumadzidzimuka geti likagogodwa. Komanso ndinapsa mtima. Zaka zonse zija, matewera onse aja, maulendo a kusikelo dzuwa lili pamutu, ndizifufute ngati ndinaba? Ndinene kuti Owen sanakhalepo kumsana kwanga? Amene ayenera kubisa nkhaniyi si ine.

Ndinalemba kuti ndinagwira kwa a Malizani ku Area 23. Nambala ya madamu sindinachite kufunafuna, ili m'mutu, poti ndinkaiimba nthawi zonse mwana akatentha thupi. Pa chifukwa chochokera, mpata wake unali wochepa ngati wa chala chimodzi, wongokwana mawu oti ndinasamuka. Ine ndinalemba m'Chichewa kuti mwana anadwala, anandiganizira kuti ndamutsempha, koma sindinatero. Mawu anasefukira m'mphepete mwa pepala. Maness ataona anagwira pakamwa, anati waonapo anthu odzipha koma wodzipha ndi bolopeni ndi ine woyamba.

Tsiku lokaonana nawo ndinalawirira, minibasi ziwiri, kutsikira m'depoti n'kukweranso. Pakhonde pa sukulu ndinapeza atsikana ena atanyamula masatifiketi m'maenvelopu akuluakulu. Ine ndinali ndi kapepala kanga kopinda panayi ndi zala zong'ambika, zimene ndinkazibisa m'chitenje.

Mayi Anderson ndi munthu wathupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anawerenga fomu mofulumira, kufika pamunsi paja anaima, anavula magalasi, n'kundiyang'ana. Anati chiyambireni sukuluyo sanaonepo munthu atalemba zoterezi. Anati mafomu onse amene ali m'kabati mwawo amanena kuti bwana anasamukira ku Joni, moti iwo amadabwa kuti mu Lilongwe mwatsala mabwana angati. Anandiuza kuti ndifotokoze. Ndinafotokoza zonse monga ndakulemberanimu, osachotsapo za mchere.

Kenako anatenga foni, anaimba, anaitsegula kuti tonse tizimva, n'kuiika patebulo pakati pathu. Anayankha madamu a kwa a Malizani.

Mayi Anderson anawatchulira dzina langa. Madamu anayankhula motsitsa. Anati Vaileti ana amawadziwa kuposa iwo eni. Anati zaka zonsezo m'nyumba mwawo simunasowepo ngakhale supuni. Anatinso akanandimvera, bwenzi mwana atapita msanga kuchipatala. Zimenezi ndinazimva ndi makutu anga, achemwali.

Mayi Anderson anafunsa kuti nanga munthu wotere anachoka bwanji. Madamu anati zinali za m'banja, apongozi ndiwo anali ndi mawu. Mayi Anderson anawafunsanso mosapita m'mbali kuti zimene anamunenera mtsikanayu anachitadi kapena ayi.  Mawu amodzi okha, oti ayi, akanandisambitsa. Madamu anatsokomola, n'kunena kuti chachikulu mwana anachira, tingothokoza Mulungu.

Sindikuwada. Akadali m'nyumba yomweyo, ndi mwamuna yemweyo. Akanena kuti si ine, funso lotsatira n'loti nanga ndani, ndipo yankho lake amadya nalo mbale imodzi. Ndikumvetsa. Koma kumvetsa sikuchotsa ululu.

Foni isanaduke kunamveka kamawu chapatali, kakufunsa kuti amama akuyankhula ndi ndani. Anali Owen. Ndinamusiya akukwawa, achemwali, osadziwa kutchula ngakhale dzina lake, ndiye pano akufunsa mafunso, ndi mawu amphamvu a mwana wokhuta. Mayi ake anamuyankha kuti palibe, apite akasewere panja. Ndinaluma mlomo kuti ndisalire muofesi ya eni, koma misozi sinandimvere.

Mayi Anderson anandipatsa kansalu kopukutira. Anati iwo ndi munthu wamapemphero, za tsempho sazikhulupirira, chimene chimatupitsa ana ndi njala ndi matenda basi. Anati atsikana a masatifiketi aja ambiri sanasinthepo thewera la mwana wotsegula m'mimba. Anandilemba moyeserera mpaka sukulu itatsekera mu Disembala, ndipo akakhutira adzandikhazikitsa. Anangondipempha kuti nkhaniyi ndisakambe ndi makolo, chifukwa si onse amaganiza ngati iwo.

Choncho ntchito ndayamba. Musangalale nane pamenepo, chifukwa nanenso ndinasangalala. Tsiku loyamba mayi wina wochedwa ku ntchito anangondiponyera mwana m'manja pageti, osafunsa kuti ndine ndani, n'kuthamangira minibasi. Kamwana kakakazi, kolemera, konunkhira mafuta. Ndinakaponya kumbuyo, ndipo msana unakumbukira wokha pomanga chitenje. Ndinaima pamenepo kanthawi ngati chitsiru.

Tsiku lomwelo wophika anachedwa, ndiye anandipempha kuti ndiphike phala la ana. Ndinaphika, likuwira bwino, ndinatambasula dzanja kuti nditenge mchere. Ndinangoona dzanja lina lafika kale pakabotolo. Anali Mayi Anderson, akumwetulira bwinobwino. Anati ndisavutike, mchere athira okha chifukwa amadziwa muyezo wa ana awo. Anathira, anatakasa kamodzi, anatuluka.

Ndinati mwina ndi mmene amachitira. Koma tsiku lililonse limene ine ndili pamoto, nthawi ya mchere ikakwana amatulukira, ngakhale atakhala ndi kholo muofesi. Wophika akakhala pamoto satulukira. Ndinamufunsa wophikayo mozungulira, anaseka, anati chiyambireni iye ntchito, Mayi Anderson kukhitchini ankangodutsa pakhomo.

Sindinanene kanthu, ndipo sindinena. Ntchitoyi ndikuifuna. Ndi mayi wabwino, ndikhulupirira kuti iwo eni sadziwa kuti ndikuona. Panopa ndikaona kuti phala latsala pang'ono kupsa, ndimadzipezera chochita panja, kuti athire momasuka tisachititsane manyazi. Ana andipatsa, mchere sanandipatse.

Tsopano ndifike kwa inu, ndipo musakwiye. Pa Pasaka nditabwera kumudzi, inu muli ndi pakati pang'ono, Amayi anandiuza kuti ndisayandikire kukhitchini, ndipumule poti ndachokera kutali. Ndinapumula tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka ndinaona kuti ulendo wanga sukutha kutalika. Inu munkaphika ndiwo mukuchita nseru, ine nditakhala pamkeka manja ali pamiyendo. Tsiku lina mkazi wa kwa a malume anandipatsa khanda lake kuti ndimugwirire, Amayi anabwera msangamsanga kudzalitenga, ati likufuna kuyamwa, chonsecho linali litangochoka kubere. Inu munayang'ana pansi. Ndinaona, achemwali.

Ndinanyamuka masiku asanakwane, ndinati andiitana ku ntchito. Kunalibe ntchito. Ndipo n'chifukwa chake mutachira sindinaimbe. Ndinkaopa kuti ndikanena zobwera kudzaona mwana, mundiyankha mwaulemu kuti ndisavutike, mayendedwe avuta masiku ano. Mawu amenewo ochokera kwa madamu ndikhoza kuwapirira, ochokera kwa Mayi Anderson ndikhoza kuwapirira. Ochokera kwa inu, amene munandibereka kumsana Amayi ali kumunda, sindikanawapirira.

Amayi sindikuwaimba mlandu. Anakula nazo, ndipo akuopera mdzukulu wawo. Inunso mukaopa sindidabwa, mwana mwamudikira nthawi yaitali. Ndinangofuna kuti mumve kwa ine ndemwe kuti mchere uja ndinathira chifukwa mwana ankandiyang'ana, osati chifukwa ndinali ndi mlandu. Ndipo ndikuuzeni zoona, zitabwereranso, mwana ali pamphasa akupuma chonchija, sindikudziwa ngati ndingapinde manja.

Pempho langa ndi limodzi. Si ufa, si nandolo, musavutike kumanga kanthu. Sukulu ikatsekera mu Disembala ndikufuna kubwera. Ndikafika, ndikufuna mudzandipatse mwanayo inuyo, ndi manja anu, Amayi ali pomwepo, musanayambe mwayang'ana nkhope yawo. Zophika sindikupempha. Mchere muzidzathira nokha, ndazolowera.

Ngati alamu akana, kapena mtima wanu ukukayika, musadzikakamize, ndipo musavutike kufunafuna mawu. Mungowauza achimwene kuti andiimbire anene kuti mvula yawononga msewu. Ndidzamva, ndidzakhala konkuno ndi Maness, ndipo sindidzakusungirani chakukhosi. Chokhacho musandilole kukwera basi ulendo wonsewo kuti ndidzamuonere patali.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ntchito ndapeza ndipo mafuta opaka mawondo ndawapatsira achimwene. Moni kwa alamu, kwa a malume ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa ana onse a pakhomopo, amene ndikudziwa kuti akuzungulira kalatayi kufuna kudziwa zomwe zalembedwa. Mukatha kuwerenga muisunge pomwe alamu sasunga fodya wawo.

M'belo la Maness ndinapezamo kachipewa ka ana koluka, kobiriwira, kokwana mutu wa tsitsi lambiri. Ndakachapa, kali m'chikwama. Achimwene anati akatenge, ndawakaniza. Ndikufuna ndidzamuveke ndekha. Koma mukadzati msewu wawonongeka, ndidzakatumiza ndi munthu, mwana asadzakule kasanamufike.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukirani tsiku ndi tsiku,

Vaileti